Wachitatu Ndiye Atenge Kasitomala

Abale anga, zikomo pondipatsa mpata woti nane ndiyime kutsogolo kuno. Ndine Limbani, ndimakhala konkuno ku Kawale, kwathu kwenikweni ndi ku Ntcheu. Ena mwa inu mumandidziwa kuti ndine wokonza mafoni ndi makompyuta pafupi ndi msika. Ena tinadziwana kwa mayi aja a kachasu ku Mgona, ndipo musazolike, ndakuonani kale polowa. Pagulu lathu la Lowerukali aliyense akaimirira amayamba ndi nkhani ya mowa. Kwa ine mowa unabwera mochedwa. Chimene chinayamba kundidya ndi kukayikira anthu, ndipo amene ndinamuphera ntchito ndi dzina lomwe ndi mlamu wanga.

Mlamu wangayo dzina lake ndi Yamikani, mlongo wake wa mkazi wanga, amake Chisomo. Ankayendetsa njinga yamoto pasiteji ya kabaza ya pamphambano apa. Njingayo sinali yake, inali ya bwana wina wa ku Area 47, ndipo bwanayo anamuuziratu kuti akadzangochotsedwa pasiteji, makiyi abwerere tsiku lomwelo. Ndi mnyamata wofatsa, wosamwa, woseka ndi aliyense mpaka nthawi zina kukutopetsa. Ndi iyeyo amene anakauza akuluakulu a pasiteji kuti alamu ake amatha kulemba mapulogalamu a pafoni. Ntchito imene ndinadzamugwetsera nayo anandipezera ndi iye mwini.

Vuto lawo linali loti masiku ano makasitomala ambiri safika pasiteji, amangoimba foni ali kunyumba. Ndiye kunali kulimbana tsiku ndi tsiku, uyu walanda kasitomala wanga, uyu akugawa nambala yake mobisa. A Mbewe, tcheyamani wa siteji, anandipempha kuti ndiwapangire kanthu koti kasitomala akatumiza uthenga, mafoni a oyendetsa onse alire nthawi imodzi, ndipo aliyense amene alibe munthu kumbuyo adine batani loti ndilipo. Ine ndinati chabwino, woyamba kudina azitenga. Madoda a pasiteji anakana kwamtuwagalu. Anati zikatero anyamata a mafoni odula, amene zala zawo sizichoka pagalasi, azitenga zonse, iwo a mafoni otopa azingoyasamula. Anakangana masana onse mpaka a Mbewe anagamula kuti wachitatu kuyankha ndiye azitenga kasitomala. Poti anthu amakhala atamwazikana, wina ku Biwi, wina ku Area 23, wina ku tauni, palibe angadziwe kuti anzake angati adina kale. Anati zizikhala za mwayi, ndipo onse anaomba m'manja.

Ndikufotokozereni pang'ono mmene zimenezi zimalembedwera, musaope, sindikulowetsani kalasi. Mayankho a anthu sabwera pamodzi kuti uwayale patebulo n'kusankha. Amabwera limodzilimodzi ngati magalimoto pamsewu, sudziwa kuti lina lifika liti, kapena ngati lifike n'komwe. Ife a ntchito imeneyi timati sitirimu. Ndiye umangoiuza pulogalamu kuti, khala apa uzimvetsera, woyamba umulole adutse, wachiwiri adutse, wachitatu umugwire, ukatero utseke makutu. Ndi kamzere kamodzi kokha. Msampha umene aliyense wophunzira amaudziwa ndi woti kompyuta imayamba kuwerenga pa ziro, choncho ukafuna wachitatu umalemba 2, ukalemba 3 ikugwirira wachinayi. Ine msampha umenewo ndinaulumpha bwinobwino, ndipo ndinadzimva kuti ndine katswiri.

Kuyesa ndinayesera kunyumba, tsiku Lamulungu titachoka kutchalitchi. Ndinayala mafoni atatu pampasa, yanga, ya amake Chisomo, ndi ina ya kasitomala imene ndinali nditangoikonza. Ndinatumiza uthenga, n'kudina yoyamba, n'kusuntha, n'kudina yachiwiri, n'kusunthanso, n'kudina yachitatu. Yachitatuyo inalira kusonyeza kuti kasitomala ndi wake. Ndinasintha dongosolo, ndinabwereza, nthawi zonse yachitatu ndiyo inkalira. Yamikani analipo, ataima kumbuyo kwanga akusuzumira laputopu, akuti alamu mutu wanu si wa pano. Ndinaseka, ndinamuuza kuti aziona akuluakulu akamagwira ntchito.

Masabata oyambirira ndinali munthu wamkulu pasiteji. Kukwera njinga kwaulere, chipisi kundigulira. Kenako kunayamba kunong'ona. Anyamata anayamba kuona kuti foni ya Yamikani ikulira kwambiri kuposa za ena. Mmawa Yamikani, masana Yamikani, iwo atakhala pazishalo akupukuta magalasi a njinga. Ndikamadutsa ankalankhula mokweza kuti chaka chino aliyense apeze mlamu wa makompyuta. Wina anandifunsa pamaso pa anthu ngati ndili ndi mlongo woti iye akwatire, kuti nayenso mwayi uzimugwera. A Mbewe anandiyitanira pambali, anati Limbani, sindikukunena, koma anthu akuti zimenezi n'zapachibale, kayang'anenso bwino.

Ndinapsa mtima, abale anga. Ine wakuba? Ndinatsegula laputopu n'kupita pakamzere kaja. Panalembedwa 2, monga mmene ndinalembera. Ndinayalanso mafoni pampasa, yachitatu inalira. Ndinabwereza mpaka amake Chisomo anadandaula kuti ndawathera batire. Apa ndi pamene ndinapotokera. Ndinati ngati kamzere kali bwino, ndipo ine sindinabe, ndiye kuti pali wina amene akulowa m'zinthu zanga.

Mukangoyamba kufufuza wakuba m'nyumba mwanu, aliyense amayamba kuoneka ngati wakuba. Ndinakumbukira kuti pasiwedi ya laputopu inali dzina la mwana wathu, ndipo amake ankaidziwa. Ndinakumbukira kuti magetsi akazima Yamikani ankabwera n'kulumikiza foni yake ku laputopu yanga kuti akutchaja. Kutchaja? Ndinakumbukira mmene anasuzumirira tsiku loyesa lija. Anagulira mlongo wake chitenje chatsopano, ine ndinati nayo mphoto ya pasiwedi. Amake Chisomo akamaseka pafoni ndi iye, ndinkazimitsa wailesi kuti ndimve. Akatuluka kukatunga madzi, ndinkatsegula foni yawo n'kuwerenga mauthenga onse, ndipo popeza sindinkapezamo kanthu ndinkati afufuta. Yamikani akabwera kudzationa ndinkamupatsa moni ndi mano okha, laputopu nditaikhalira. Iye ankangoti alamu mwatopa, muzipumako.

Tsiku la msonkhano wa komiti ya siteji, Yamikani kunalibe, anali atanyamula kasitomala wopita ku Kaliyeka. A Mbewe anandifunsa pamaso pa onse ngati zili zotheka kuti munthu wina agwire pulogalamuyo n'kuikhotetsa. Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa. Koma maso onse anali pa ine, ndipo mawu oti wakuba ndinkawamva akuzungulira pafupi ndi khutu langa. Ndinati n'zotheka, ndipo mwa anthu onse a pasiteji pano, mmodzi yekha ndiye amalowa m'nyumba mwanga n'kulumikiza foni yake ku laputopu yanga. Dzina sindinatchule, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkadzitonthoza ndi zimenezo. Yamikani pobwerera anapeza akumudikira kuti avule jekete la siteji. Madzulo omwewo bwana wa ku Area 47 anatumiza munthu kudzatenga njinga.

Amake Chisomo sanakuwe ndipo sanaswe mbale. Analongedza zovala zawo ndi za mwana ine ndikuonerera, n'kuima pakhomo.

"Bambo a Chisomo, mlongo wanga sadziwa ngakhale pozimitsira laputopu yanuyo," anatero. "Ine sindingagone m'nyumba imene mtundu wathu ukutchedwa wa akuba. Dzina lake likadzayera pasiteji paja, ndiye mudzabwere kudzanditenga."

Anapita kwa azakhali awo ku Area 23. Ine ndinawayankha ali panja kuti kuthawako ndi umboni.

Kuchokera pamenepo zinathamanga. M'nyumba munali zii, ndiye ndinayamba ka botolo kamodzi kuti tulo tibwere. Posakhalitsa ndinali kasitomala wa ku Mgona, woyamba kufika, ena asanatsuke n'komwe m'kamwa. Pasiwedi ndinkasintha mmawa uliwonse, mpaka ina ndinaiwala ndekha n'kunena kuti andiloweranso. Ndinamata kamera ya laputopu ndi selotepi. Alandilodi atabwera kudzaona denga lodontha ndinawathamangitsa, ndimati atumidwa. Kasitomala akabweretsa foni yoti ndikonze ndinkamufunsa kuti wakutuma ndani, mpaka anthu anasiya kubwera, kabenchi kanga ka kumsika kanatengedwa ndi wogulitsa zikwama za mafoni. Laputopu ndinkayenda nayo paliponse, ngakhale kuchimbudzi. Tsiku lina dzuwa lili paliwombo anandipeza m'ngalande ku Biwi, chikwama nditachikumbatira, matope mpaka m'makutu. Mayi wina wogulitsa nthochi anayesa kundidzutsa, ine ndinamutukwana kuti akauze Yamikani kuti sapeza kanthu. Mayiyo Yamikani sankamudziwa n'komwe.

Pulogalamu ija inkangogwirabe ntchito yokha pa intaneti, ine osaiyang'ananso. Itayamba mvula, a Mbewe anandilondola mpaka kunyumba. Anaima pakhomo, fungo linawaletsa kulowa. Anati zija zayambiranso. Yamikani anachoka kalekale, koma tsopano foni imene ikungolira ndi ya a Kamwendo, bambo wachikulire, mkulu wa mpingo, amene sanapondepo pakhomo panga chibadwire. Anyamata akufuna kuti nawonso avule jekete.

Mukuganiza kuti ndinachita manyazi? Ayi ndithu. Ndinamenya tebulo, ndinati ndinadziwa ine, Yamikani wagulitsa chinsinsi kwa mdalayo kuti abwezere. Ndinauza a Mbewe kuti asachite kanthu kaye, ndikawagwira ndekha.

Mawa lake ndinapita pasiteji ndili ndi matsire, chipewa nditachikokera kumaso. Ndisanafike mvula inayamba, ya chimvula chenicheni, madzi kuyenderera mumsewu ngati mtsinje. Oyendetsa onse anafunditsa zishalo ndi mapepala a pulasitiki n'kuthawira pakhonde la golosale ya pamphambano. Chiyambire pulogalamu ija sindinawaonepo onse ali malo amodzi chonchi, nthawi zonse amakhala atamwazikana. Ndinabisala kuseri kwa chipilala, pafupi ndi wokazinga chipisi, maso anga ali pa a Kamwendo. Iwo anali atakhala pakreti yopanda kanthu, manja m'thumba, akuyang'ana mvula.

Mafoni analira onse pamodzi. Anyamata aja mafoni anali kale m'manja, ndipo kulirako kusanathe zala zinali zitagwa pagalasi ngati nkhuku zikujompha chimanga. Anali ambiri, sindikanatha kudziwa kuti wayamba ndani. Kenako panali kabata pang'ono. Bambo wina wa ndevu anatulutsa foni m'thumba la thalauza n'kudina. Wina pambali pake anamaliza kutafuna, n'kupukuta dzanja, n'kudina. A Kamwendo anatsegula zipi ya jekete, n'kutulutsa kajumbo ka shuga, n'kumasula mfundo, n'kutulutsa foni, n'kuitalikitsa ndi maso kuti aone bwino, n'kudina. Foni yawo ndiyo inalira kuti kasitomala ndi wawo. Anyamata anatsonya, wina analavula malovu m'madzi.

Ine ndinati chinyengo chili m'kajumbomo, pali chimene amachita pomasula. Mvula inali isanakate ndiye sanapite, anamuimbira kasitomalayo kuti adikire kaye. Ndinasendera pang'onopang'ono mpaka ndinaima kumbuyo kwawo kwenikweni. Mafoni analiranso, kasitomala wina. Anyamata anajompha. Wa ndevu anadina, mnzake anadina. A Kamwendo, amene anali atabwezera kale foni m'kajumbo, anamasulanso mfundo ine ndikuyang'ana chala chilichonse. Sanatsegule china chilichonse, sanalembe kanthu. Anangodina batani lomwe lija, ndipo foni inalira.

Anatembenuka n'kundiona. Ndinkayembekezera kuti adzidzimuka ngati munthu wogwidwa, koma anasuntha pakreti kuti nane ndikhale.

"Ndinu a Limbani? Mwaonda chonchi bwanji?" anatero. "Pulogalamu yanu ikundikonda ine, sindikudziwa chifukwa chake. Ndikuopa, bambo. Andichotsa ngati mmene anachotsera alamu anu, ndipo ine ndili ndi zidzukulu pakhomo."

Ndinakhala pakretipo. Ndinali ndikuwerenga m'mutu zimene ndinaona kawiri konse. Ukayamba kuwerenga pa anyamata aja, a Kamwendo anali kutali, kumapeto kwenikweni. Koma ukawachotsa anyamata onse, ngati kuti sanadine n'komwe, wa ndevu anali woyamba, mnzake wachiwiri, a Kamwendo achitatu. Kawiri konse zinali choncho. Pulogalamu yanga inkawerenga bwinobwino mpaka pa atatu, koma anyamata aja sinkawamva.

Ndinayenda pamvula pomwepo kubwerera kunyumba. Nditatsegula laputopu, pasiwedi ndinailakwitsa kangapo. Miyezi yonse ija ndinkangoyang'ana kamzere kamodzi kaja, kogwira wachitatu. Tsiku limeneli ndinawerenga mizere ya pamwamba pake. Ndinalemba ndekha, ndi zala zanga zomwezi, kuti pulogalamu iyambe yaliza mafoni a oyendetsa, kenako itumize uthenga kwa kasitomala womuuza kuti tamva, idikire mpaka uthengawo utafika, ndiye iyambe kumvetsera mayankho. Netiweki yathu mukuidziwa mmene imakokera miyendo. Pa kanthawi kodikirako makutu a pulogalamu anali asanatseguke, ndipo yankho lobwera nthawi imeneyo linkangodutsa osawerengedwa, silinkasungidwa paliponse. Sitirimu siidikira munthu, imakupatsa zokhazo zimene zabwera iwe utayamba kumvetsera. Onse ofulumira ankatayika, n'kutsala kagulu kochepa ka ochedwa, ndipo m'kagulu kochepako wachitatu ankakhala munthu yemweyemweyo. Kunyumba pampasa sizikanaoneka, chifukwa ndinali ndekha ndi chala chimodzi, ndikudina mosathamanga.

Pamenepo ndinakumbukira foni ya Yamikani. Galasi lake linali losweka pakona, pomwe panali batani, moti ankachita kudina ndi chikhadabo kangapo kuti imve. Anandipemphapo kuti ndimusinthire galasilo, ine wokonza mafoni, ndinamuuza kuti ndilibe nthawi. Ndinalira, abale anga, ndinalira ngati mwana, ndekhandekha m'nyumba yonunkha.

Musaganize kuti ndinadzuka pomwepo n'kukalapa. Kukonza kwake kunali kosavuta, kungosuntha mizere kuti pulogalamu iyambe yatsegula makutu, ndiye n'kuliza mafoni. Maganizo anandibwerera oti ndikonze mwakachetechete. A Kamwendo apulumuka, anyamata asangalala, palibe adzadziwe kanthu. Ndinamwa tsiku limenelo, ndisakunamizeni, ndipo mawa lake ndinamwanso. Koma mowa unakana kugwira ntchito yake. Ndikakonza mobisa, Yamikani akhalabe wakuba mpaka kalekale, ndipo amake Chisomo anali atanena poyera chimene chidzawabweze.

Choyamba chimene ndinachita ndi kusamba. Musaseke, kwa ena a ife pano imeneyo ndi ntchito. Ndinachapa malaya, ndinapita kwa a Mbewe mmawa ndisanalawe kanthu, n'kuwapempha kuti aitane siteji yonse, ndiponso kuti atumize uthenga kwa Yamikani. Yamikani sanabwere, anayankha kuti ali pantchito. Pamsonkhanopo sindinayambe ndi kulankhula, chifukwa ndinadziwa kuti mawu a chidakwa palibe angawakhulupirire. Ndinasankha madoda atatu, ndinawauza kuti mafoni akalira iwo adikire kaye, adine mmodzimmodzi anyamata atatha. Ndinaloza amene adine pomaliza mwa atatuwo n'kunena kuti kasitomala akhala wa awa. Zinatero. Ndinawasinthanitsa, n'kuloza wina, zinateronso. Anthu anayamba kung'ung'udza kuti ndiye kuti amene amakhotetsa ndi ine. Ndinati inde, ndi ine, koma osati mwadala, ndipo ndinafotokoza za makutu otseguka mochedwa. Kenako ndinanena chimene ndinabwerera, kuti Yamikani sanagwirepo pulogalamu, mlongo wake sanapereke pasiwedi kwa aliyense, ndipo zimene ndinanena pamsonkhano uja ndinalibe nazo umboni ngakhale umodzi.

Panavuta. Anyamata a mafoni odula anazindikira kuti miyezi yonseyi iwo sankawerengedwa n'komwe. Wina anandigwira pakolala, ndipo amene anamuletsa ndi a Kamwendo. A Mbewe anandinyoza pamaso pa onse, mawu amene sindingabwereze m'holo ya tchalitchi muno, ndipo ndinawayenera. Anagamula kuti ndikonze, koma chilichonse chimene ndalemba chizikaonedwa kaye ndi munthu wina. Anapeza mtsikana wina wa ku Area 25 wa ntchito yomweyi, ndipo mpaka lero palibe chimene ndimatulutsa iye asanachiwerenge. Poyamba zinkandiwawa, pano ndimachita kumupempha ndekha. Kuyesanso tinayesera pakhonde lomwe lija, anthu onse akudina mmene amadinira pantchito, osati pampasa. Anagamulanso kuti Yamikani ndi wosalakwa, ndipo a Mbewe ananyamula okha jekete lake kukamupatsa.

Sabata yomweyo a Kamwendo anandibweretsa pagulu lino, anachita kundinyamula panjinga yawo n'kundidikira panja kuti ndisathawe. Njira ya ku Mgona ndinaisiya, ndikafuna kupita mbali imeneyo ndimazungulira. Pasiwedi ndinaika imodzi n'kuisiya. Selotepi ndinamatula. Ndinakapepesa kwa alandilodi, ndinafunafuna mayi wa nthochi uja ku Biwi koma sindinamupeze. Maganizo okayikira sanathe, asakunamizeni munthu kuti amatha. Amabwerabe, wina akandiyang'ana nthawi yaitali mtima umayamba kuwerenga milandu yake. Chimene ndaphunzira n'choti ndikangomva choncho ndimayamba ndafufuza mbali yanga, ndipo ndikapanda kupeza kanthu ndimapita kwa munthuyo n'kumufunsa pamaso.

Ku Area 23 sindinapite ndekha. Ndinatenga amalume anga a ku Biwi, amene ndi ankhoswe athu, ndipo azakhali a amake Chisomo anaitana ankhoswe a kuchikazi. Ndinakhala pansi, ndinanena zonse, za kuwerenga mauthenga a m'foni mwawo, za chitenje, zonse. Amake Chisomo anamvetsera osandiyang'ana. Anati amva kuti dzina la mlongo wawo layera, ndipo mawu awo sasintha, abwerera. Koma anati ndidziwe kuti njinga ija bwana wa ku Area 47 anaipereka kale kwa wina, ndipo ngakhale a Mbewe anakamufotokozera, anati sangalande munthu amene sanamulakwire. Yamikani jekete ali nalo, koma alibe chokwera. Pano akupalasa kabaza wa njinga yakapalasa, kukwera zitunda za ku Area 23 ndi anthu kumbuyo.

Tsiku lobwerera, amake Chisomo ndi mwana anabwera pa minibasi, katundu anabwera ndi Yamikani panjinga yake yakapalasa. Ndinamuona akutsika pageti, thukuta lili kamukamu, atachepa thupi. Aka kanali koyamba kuonana chichotsedwereni pasiteji. Anamasula zingwe, anatsitsa zikwama n'kuziika mkati mwa geti, iye ali kunja. Ndinamuuza kuti ndinalakwa, ndinapempha kuti andikhululukire, ndinati alowe amwe tiyi. Ndinamuuzanso kuti ndikuyendayenda kwa eni njinga zamoto kuti ndimupezere ina. Anamvetsera zonse mwaulemu, monga mwa khalidwe lake, akukulunga chingwe padzanja.

"Ndamva, alamu, ndipo sindikusungirani mangawa," anatero. "Koma chimene chimandiwawa si njinga. Ndinkabwera m'nyumba mwanu muno, tinkadyera mbale imodzi. Miyezi yonse ija simunandifunse ngakhale kamodzi."

Anatembenuza njinga n'kupita.

Mkazi wanga ali kunyumba, mwana wanga ali kunyumba, pasiteji wachitatu ndi wachitatu weniweni, ndipo ine ndaima pano wosaledzera. Pa zimenezi ndikuthokoza Mulungu. Koma musatuluke muno mukuganiza kuti zonse zimabwerera m'malo mwake. Ndikudziwa kuti pano pali ena amene muli ndi munthu amene mwamuzenga kale mlandu mumtima, mkazi, m'bale, mnzanu wa pantchito, ndipo mukumwera zimenezo. Mukatuluka pakhomo apo, musakhotere kumene mumakhotera, pitani mukamufunse lero lomwe. Ine Yamikani timakumana pamsewu, amandipatsa moni, amafunsa za Chisomo. M'nyumba mwanga sanalowemobe.

Ndathera pomwepa, zikomo pondimvetsera.